Alendo a m'Chigubu

Mwezi wa Okutobala ku Lisungwi dzuwa silichita manyazi. Pofika 10 koloko nkhuku zimakhala zayasama pansi pa nkhokwe, mbuzi zaunjikana pamthunzi wa mlambe, ndipo chimbudzi chilichonse m'mudzi chimayamba kulengeza chokha pamene chili. Inali nthawi ngati imeneyo pamene mnyamata wina, amene anamaliza maphunziro a zaukhondo ku Blantyre koma ntchito ikumuzembabe, anatsika pa kabaza atakumbatira chigubu cha malita 5. Agogo ake aakazi anali pamphasa pansi pa bwemba, lichero pamiyendo, akusankha nandolo. Kwathu kuno gogo ndi mdzukulu wamwamuna ndi banja, ndiye musadabwe mukamva akumuitana kuti amuna awo. Koma tcherani khutu: "inu" akasanduka "iwe", dziwani kuti zinthu zavuta.

Agogo: Eee, amuna anga atulukira! Ine ndimati ukwati unatha, munapeza wa milomo yofiira ku Ndirande. Khalani pamphasa pomwepa. Chigubucho mwanditengera mafuta ophikira?

Mdzukulu: Si mafuta, Agogo.

Agogo: Ndiye ndi Sobo. Koma Sobo wake wakuda bwanji?

Mdzukulu: Si Sobonso ayi. Awa ndi mapulobayotiki.

Agogo: Chibayo? Iwe, wanyamula chibayo m'chigubu kuchokera ku Blantyre mpaka kuno? Agogo ako aamuna chinawatenga n'chomwecho. Wabweretsa kuti chidzandimalize ine?

Mdzukulu: Ma-pu-lo-ba-yo-ti-ki, Agogo. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, koma tabwino.

Agogo: Tizilombo tabwino. Ehe. Ndiye kuti kulinso afiti achifundo ndi njoka zaulemu. Mwana iwe, alangizi a zaumoyo akhala akutiimbira nyimbo imodzimodzi chiyambire. Sambani m'manja, muli tizilombo. Thirani klorini m'madzi, muli tizilombo. Chaka cha 2022 kolera itafika ku Neno kuno, tonse tikuopa ngakhale kupatsana moni wapamanja, anati ndi tizilombo. Pawailesi ankawerenga maliro tsiku ndi tsiku mpaka anapitirira 1,700 dziko lonse. Lero iwe wadya mbuzi zanga zonse kusukulu, wabwerako ndi tizilombo todzaza chigubu, n'kumati tabwino.

Mdzukulu: Thobwa lanu lija likagona masiku awiri limawawasa. Chimaliwawasitsa n'chiyani?

Agogo: Ndi dzanja langa.

Mdzukulu: Ndi tizilombo, Agogo. Timadya shuga wa m'chimera n'kutulutsa asidi, ndiye kuwawasa kuja. Chambikonso n'chimodzimodzi. Mkaka sugwirana wokha.

Agogo: Ndiye ukuti ine zaka zonsezi ndakhala ndikumwetsa anthu tizilombo pamaliro ndi pazinkhoswe?

Mdzukulu: Inde. Ndipo amapempha kapu yachiwiri.

Agogo: Chabwino. Ngati ndi abale ake a thobwa, tenga kapu m'nyumbamo, tilawe.

Mdzukulu: Ayi, iti si takumwa. Ndi tothira m'chimbudzi.

Apa Agogo anaika lichero pansi, bwinobwino, ngati munthu amene akufuna manja onse awiri akhale omasuka.

Agogo: Wadutsa pa Zalewa. Pali nsomba, pali buledi, pali shuga. Sunaone chogulira mkazi wako. Koma chimbudzi wachikumbukira. Chimbudzi wachigulira chakumwa!

Mdzukulu: Tandimvetserani kaye. Ndikufuna ndikalankhule ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi muno. Banja lililonse lizisonkha kangachepe, tizigula zigubu, mwezi ndi mwezi tizithira m'dzenje lililonse. Tizilomboti tizidya zonyansazo, dzenje lisamadzaze msanga, fungo lichepe, ntchentche zichepe. Anthu asiye kukumba chaka ndi chaka.

Agogo: Anayambitsa zimenezi ndani?

Mdzukulu: Mankhwala otere alipo amitundumitundu, koma otchuka kwambiri, aja amati EM, anawatulukira pulofesa wa zaulimi wa ku Okinawa, ku Japan, dzina lake Teruo Higa, m'zaka za m'ma 1980. Anasakaniza tizilombo ta mtundu wa m'chambiko, yisiti wonga wa buledi, ndi tina.

Agogo: Wa zaulimi. Ndiye ankapangira munda kapena chimbudzi?

Mdzukulu: Poyamba ankapangira nthaka ya m'munda. Zam'chimbudzizi zinabwera pambuyo.

Agogo: Ndimadziwa. Mankhwala akayamba kuchiza mutu, mano, nthaka, ukwati ndi chimbudzi, ine ndimagwiritsa kachikwama kanga. Ndiyankhe ichi, mphunzitsi. Chimbudzi chakale chija agogo ako anachikumba mu 2003, chaka chimene Neno inapatuka kuchoka ku Mwanza n'kukhala boma palokha. Pakhomo pano tinalipo asanu ndi atatu, osawerengera alendo ndi anyamata a mowa odutsa usiku. Chinatha zaka khumi. Anthu asanu ndi atatu, nsima kawiri patsiku, nyengo ya mango n'kuwonjezera. Bwenzi chitadzaza kalekale. Ndani ankapungula? Pulofesa wako anabwera usiku?

Mdzukulu: Ayi. Madzi ankalowa m'nthaka. Zinazo zinkawola.

Agogo: Zinkawola zokha?

Mdzukulu: Zinkawoletsedwa ndi tizilombo.

Agogo: Ta m'chigubu?

Mdzukulu: Ta m'mimba mwanu momwemo. Munthu akadzithandiza, tizilombo timatuluka nawo. Mu galamu imodzi yokha, kachidutswa kochepa ngati njere ya nandoloyi kangapo, mumatha kukhala tizilombo mabiliyoni 100.

Agogo: Biliyoni ndi ndalama zija amaba ku Lilongwe zija?

Mdzukulu: Kuchuluka kwake n'komweko, koma kuchulukitsa ka 100.

Agogo: Ndiye taona. M'dzenjemo muli kale eni mudzi osawerengeka. Anabadwira momwemo, chakudya chake anachizolowera, ntchito akugwira usana ndi usiku, salipidwa, sanyanyala. Iwe wabwera ndi aganyu a ku Japan, obadwira m'chigubu, oleredwa ndi shuga, ukuti akawaphunzitse eni ake kudya. Kodi ukathira kapu ya madzi mu Shire pa mlatho wa Zalewa, a ku Nkula amaona magetsi atawonjezeka?

Mdzukulu: Koma awa ndi osankhidwa, Agogo. Ndi akatswiri.

Agogo: Iwenso ndiwe katswiri. Ntchito ili kuti?

Mnyamata anayang'ana nsapato zake. Fumbi la Lisungwi linali litazisandutsa zofiira. Tinene chilungamo, sanali mbuli. Sukulu anaiphunzira ndithu, ndipo vuto lake linali lomwelo: ankadziwa chinthu china chimene sanafune kuti chituluke pamphasa paja.

Agogo: Ukuyang'ana pansi bwanji? Maso amenewo ndi aja unkapanga ukaba shuga. Kusukulu kwanuko anati chiyani za zimenezi? Alipo amene anayesapo?

Mdzukulu: Alipo.

Agogo: Kweza mawu, makutu anga anapita ndi kwinini.

Mdzukulu: Ku South Africa. Kumeneko boma linamangira anthu zimbudzi zambirimbiri, patapita zaka zinayamba kudzaza, ndipo ogulitsa mankhwala anakhamukira kumakhonsolo kukanena zomwe ndanena inezi. Ndiye bungwe la Water Research Commission linapereka ndalama kwa akatswiri a pa yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban kuti ayese. Malipoti anatuluka mu 2008, ena mu 2012.

Agogo: Ku Joni. Anayesa bwanji?

Mdzukulu: Anatapa za m'maenje n'kuika m'mabotolo. Ena anathiramo mankhwala, ena madzi okhaokha, ena sanathiremo kanthu, n'kumayeza pasikelo. Anayesanso m'zimbudzi zenizeni, n'kumayeza ngati mulu ukutsika.

Agogo: Kuyeza pasikelo! Anthu ophunzira, a mataye, kuyeza manyi pasikelo ngati thonje la ku Admarc. Ndiye anapeza chiyani?

Mdzukulu: Sanapeze umboni woti mankhwalawo amatsitsa dzenje kuposa madzi wamba.

Agogo: Bwereza.

Mdzukulu: Kuposa madzi wamba.

Agogo: Madzi a pamjigo aja ndimatunga ulere aja?

Mdzukulu: Omwewo.

Agogo: Ndiye iwe zimenezi umazidziwa pokwera minibasi?

Mdzukulu: Tinalemba pamayeso. Ndinakhoza bwino funso limenelo.

Agogo: Mayo ine! Unakhoza pamayeso kuti sizigwira, n'kunyamula kudzagulitsa kwa gogo wako?

Mdzukulu: Agogo, m'tauni zinthu zavuta. Munthu wina anandipatsa pangongole, akuti ndikagulitsa zigubu khumi, chimodzi phindu ndi langa. Ndinaganiza kuti mwina awawa ndi ena, atsopano. Komanso anthu ena amati akathira fungo limachepa.

Agogo: Fungo ndimachepetsa ndi phulusa, ndipo phulusa silinandikongozepo.

Mdzukulu: Phulusa ndi labwino. Limaumitsa pamwamba, ntchentche zimasowa poikira mazira. Koma mukathira phulusa ndi mankhwalawa pamodzi, zimalimbana. Tizilomboti timafuna powawasa, phulusa limapha kuwawasa.

Agogo: Ndiye ndi mitala. Wamkulu ndi wamng'ono sagwirizana. Ine ndikhala ndi wamkulu, ndinamuzolowera, amachokera pamafuwa panga pomwe.

Mdzukulu: Koma inunso Agogo muli ndi mlandu. Ndisanakhale pansi ndinakadzithandiza kuseriko, ndipo ndinaunika ndi foni.

Agogo: Unaunika m'dzenje? Ndi foni yomweyo umaika pakhutu? Sukulu imapengetsadi.

Mdzukulu: Ndaona majumbo. Ndaona mabotolo a mankhwala. Ndaona matewera a mwana wa achemwali, aja otaya aja, mulu. Ndaona nsapato ya Sofia imodzi.

Agogo: Inaduka.

Mdzukulu: Ndaonanso mabatire a wailesi, ndipo mukununkha parafini.

Agogo: Parafini ndi wa mphutsi. Mabatire anatiuza kalekale kuti amadya zonyansa, dzenje limatsika.

Mdzukulu: Ndani anakuuzani?

Agogo: Anthu.

Mdzukulu: Ndiye inu muli ndi chigubu chanuchanu, kungoti chanu ndi cha Tiger Head. Batire silidya kanthu, Agogo. Limangotulutsa poizoni amene amalowa m'nthaka. Parafini ndi oilo wakuda wa galimoto zimavutitsa eni mudzi aja mumawatama aja, komanso zimatha kukafika m'madzi a pansi. Mwatha ola lonse mukuwayamikira kuti sanyanyala ntchito, chonsecho mumawathira parafini kumutu.

Agogo: Usandikweze mawu, ndinakusintha matewera ine. Ndipo anali ansalu, ochapa, osati awa a masiku ano.

Mdzukulu: Ndi zomwe ndikunena. Tewera la pulasitiki palibe kachilombo kamene kangadye, kaya ka ku Japan kaya ka ku Lisungwi. Pokonza kukula kwa dzenje timawerengera kuti munthu mmodzi amasiya malita 40 mpaka 60 pachaka a zinthu zimene zatsala zitawola kale. Anthu asanu ndi atatu aja, pazaka khumi, ndi madiramu ngati 20. Zimenezo ndi zotsalira, zili ngati makala moto utazima, palibenso choti kachilombo kadye. Mukawonjezera zinyalala, dzenje la zaka khumi limatha zaka zochepa.

Agogo: Zina sitingataye kudzala, mwana iwe. Tsitsi, zikhadabo, nsanza za amayi akakhala kumwezi. Ukasiya poyera, wina atola, mawa wayamba kudwala mosadziwika bwino. Chimbudzi ndiye chimasunga chinsinsi. Palibe mfiti imene imalowa mmenemo.

Mdzukulu: Tsitsi ndi zikhadabo sindikulimbana nazo, sizidzaza dzenje. Koma nsapato ya Sofia akanakulodzerani ndani?

Agogo: Sukuwadziwa anthu a kuno iwe.

Anaseka onse awiri, ndipo Agogo anatolanso lichero. Mnyamata ataona kuti mphepo yatembenukira kwa iye, anati ayese kuwombola ulemu wa tizilombo take.

Mdzukulu: Komatu musaganize kuti tizilombo ta m'chambiko n'topanda ntchito pankhaniyi. Ku Blantyre komweko, cha m'ma 2014, bungwe la ku Netherlands lotchedwa WASTE pamodzi ndi ophunzira a ku Delft anachita kafukufuku. Funso lawo silinali lotsitsa dzenje ayi. Ankafuna kudziwa kuti pakagwa ngozi, monga madzi osefukira, anthu aunjikana pamsasa, zimbudzi zadzaza, zopopedwazo angaziphere bwanji tizilombo ta matenda mwamsanga. Anapopa m'maenje, n'kuika m'madiramu. M'madiramu ena anathiramo mkaka wowawasitsidwa ndi tizilombo ta mu chakumwa china chotchedwa Yakult, n'kuwonjezera molasesi, madzi akuda okhuthala aja amatsala akamapanga shuga ku Nchalo.

Agogo: Mkaka.

Mdzukulu: Inde.

Agogo: Ndi shuga.

Mdzukulu: Molasesi.

Agogo: Anasowa masikono okha kuti akhale tiyi wa alendo. Ana akugona ndi njala ku Bangwe, iwo akuthirira manyi mkaka!

Mdzukulu: Koma zinagwira. Tizilomboto titadya molasesi tinatulutsa asidi wambiri, ndipo patatha pafupifupi sabata imodzi, tizilombo ta m'mimba timene ankayezera tija, totchedwa E. coli, tinali titatsika kufika pamlingo wovomerezeka. Ndiye mukuona, tabwino tinagonjetsa toipa.

Agogo: M'diramu.

Mdzukulu: M'diramu, inde.

Agogo: Atatakasa.

Mdzukulu: Atatakasa bwinobwino, n'kuvundikira.

Agogo: Ndiye iwe udzalowa m'dzenje langa ndi mthiko? Nanga diramulo linatsika?

Mdzukulu: Silinatsike. Linawonjezekera, poti anathiramo zinthu. Kupha matenda ndi kutsitsa dzenje ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Agogo: Nanga pachigubu chakocho alemba ntchito iti?

Mdzukulu: Alemba zonse.

Agogo: Ehe. Madiramu enawo anathiramo chiyani? Batala?

Mdzukulu: Ena anathiramo laimu, amene timapaka nyumba uja. Ameneyo anagwira ntchito mu ola limodzi lokha. Ena anathiramo feteleza wa yureya, anatenga masiku anayi.

Agogo: Yureya! Yemwe uja timagonera pamzere ndi makuponi uja? Amene ndinapsa naye dzuwa masiku atatu n'kubwerako chimanjamanja? Iwe, ukadzayerekeza kunena zimenezo pamsonkhano wa amfumu, adzakuthamangitsa ndi mphini. Koma taima. Laimu ola limodzi, yureya masiku anayi, abale ako a chibayo sabata. Ndiye pampikisanowo anali omaliza?

Mdzukulu: Anafika ndithu. Kungoti mochedwa.

Agogo: Ngati iwe pa Sitandade 8.

Mdzukulu: Ndinabwereza kamodzi kokha, Agogo.

Agogo: Tsopano ndikuuze zimene sanakuphunzitse. Iwe ukudandaula za dzenje lodzaza. Zimenezo ndi nkhawa za ku Ndirande, kumene malo ndi ochepa, chimbudzi chimodzi mabanja khumi, chikadzaza mpaka kuitana anyamata opopa. Kuno yenda m'mudzi monse, ufunse khomo ndi khomo kuti chimbudzi chawo chomaliza chinatha bwanji. Sadzakuuza kuti chinadzaza. Adzakuuza kuti chinagwa. Dothi lake lino ndi lamchenga, mitengo yoyala pamwamba chiswe chimadya, mvula ikabwera yamkuntho m'mbali mumagumuka. Namondwe Ana uja, Januwale 2022, changa chinatitimira usiku umodzi. Tinakumba china, Freddy anabwera Malichi 2023, nachonso chinapita. Tizilombo tako timagwira khoma?

Mdzukulu: Sitigwira.

Agogo: Timathamangitsa chiswe?

Mdzukulu: Ayi.

Agogo: Ndipo chikagwa, munthu wosauka, nkhalamba ngati ine, amayamba walowera kutchire podikira wokumba. Mvula n'kukokolera zonsezo ku Lisungwi, kumene ana amasamba, amayi akutsuka mbale. Kolera ija imadzera mmenemo. Paja anabwera a zaukhondo aja, anatiyendetsa m'tchire monse kuti tiwalozere pamene timakhala, n'kutapa pafosholo, kudzaika pakati pa bwalo pafupi ndi mbale ya nsima, tonse tikuona ntchentche zikuchoka apa kutera apa. Amfumu anachita kuphimba kumaso ndi chipewa.

Mdzukulu: Njira imeneyo inafika m'Malawi muno mu 2008. Cholinga n'choti anthu achite manyazi ndi nseru, akumbe okha popanda kupatsidwa kanthu.

Agogo: Manyazi tinachita, kukumba tinakumba, chikwangwani anakhoma. Mvula siwerenga chikwangwani.

Mdzukulu: Pamenepo ndiye pali chimene ndingathandize. Pali kamangidwe kena kamene a ku Yunivesite ya Mzuzu akhala akuphunzitsa amisiri. Dzenje limakhala lozungulira, osati la makona, chifukwa lozungulira siligumuka msanga. Kumtunda kwake mumayala njerwa mozungulira, mzere uliwonse ukulowa m'kati pang'ono, mpaka pamwamba patatsala kabowo. Sipafunika mitengo yoyala, ndiye chiswe chimasowa chodya. Simentinso safunika, dothi lomangira ndi lokwanira. Kenako kukweza pansi kuti madzi a mvula azilambalala, ndi denga losadontha. Komanso litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Agogo: Zimenezi umazidziwa?

Mdzukulu: Ndinazionapo zikumangidwa.

Agogo: Ndiye unasiya nzeru imeneyi m'mutu, n'kunyamula chigubu pamutu. Nanga fungo? Agogo ako atabwera ku Halale ankanena za zimbudzi za paipi.

Mdzukulu: Zimenezo ndi za Blair. Anazitulukira Peter Morgan ku Harare m'zaka za m'ma 1970. Paipi imachokera m'dzenje kutulukira padenga. Mphepo ikamadutsa pamwamba imakoka fungo, ndipo m'kati mwa chimbudzi mumakhala kamdima. Ntchentche ya m'dzenje imathamangira kuwala kwa kupaipi, n'kukapeza sefa kumapeto kwake, n'kufera pomwepo. Chotero chimenecho simuvundikira pabowo, kuti mpweya uziyenda. Koma chanu chopanda paipichi chimafunika chivundikiro nthawi zonse. Ndipo sindinachione.

Agogo: Chilipo.

Mdzukulu: Kuti?

Agogo: Ndatsekera pakhomo pa khola la nkhuku. Kuli vungo.

Mdzukulu: Ndiye nkhuku zili pachitetezo, ife tikudyera limodzi ndi ntchentche.

Agogo: Nkhuku ndikagulitsa ndimapeza sopo. Iwe ndikakugulitsa ndipeza chiyani?

Mdzukulu: Morgan yemweyo analimbikitsanso njira ina. Kukumba dzenje lalifupi, mita imodzi, kumathira dothi ndi phulusa nthawi iliyonse mukadzithandiza. Likatsala pang'ono kudzaza, mumasuntha kanyumbako, kukwirira, n'kudzalapo mtengo wa zipatso. Mu 2013 anamupatsa mphoto yaikulu ya zamadzi ku Stockholm.

Agogo: Anamupatsa mphoto chifukwa chodzala mtengo pachimbudzi?

Mdzukulu: Ndi zina zambiri, koma imeneyo ndi imodzi.

Agogo: Tatembenuka. Ukuuona mpapaya uwo?

Mdzukulu: Umene umabereka mapapaya okoma aja?

Agogo: Amene unadya atatu tsiku limodzi holide ija, mpaka kunyambita zala. Ukuganiza kuti pamene paja panali chiyani mu 2003?

Mdzukulu: Agogo!

Agogo: Musalavule amuna anga, munameza kalekale. Ndi mphoto yanga imeneyo, poti a ku Stockholm sadziwa njira ya ku Lisungwi.

Mnyamata anakhala chete kanthawi, akuyang'ana mpapaya uja ngati mnzake amene wamuulula. Kenako anakokera chigubu pafupi, n'kuyamba kuwerenga chizindikiro chake ngati akuchiona koyamba.

Mdzukulu: Nanga ichi nditani nacho? Mwini wake akudikira ndalama.

Agogo: Mtengo wake?

Mdzukulu: Ngati nkhuku ziwiri zazikulu.

Agogo: Tabweretsa ndione. Eee, koma chigubu chake n'cholimba. Chili ndi chogwirira, chitsekerero chake n'chabwino. Cha pampondagiya wanga chinang'ambika ndi dzuwa mwezi watha, alangizi akabwera ndimachita kuwazemba. Ichi ukachitsuka ndi sopo, n'kuboola ndi msomali wamoto, kumanga chingwe ndi kamtengo kopondera, chikhala zaka ziwiri.

Mdzukulu: Nanga tizilombo?

Agogo: Unati pulofesa wako ankapangira munda. Kathire padzenje la manyowa kuseri kwa khola, akakumane ndi ndowe za mbuzi. Akakagwira ntchito, tidzaona pa mpiru. Akakalephera, mbuzi sizidzadandaula.

Mdzukulu: Ndiye mugula?

Agogo: Ndigula chigubu. Nkhuku imodzi, yaing'ono, yotsimphina ija. Alendo akowo ndangowapatsa malo ogona.

Mdzukulu: Yachiwiriyo ndikaipeza kuti?

Agogo: Uigwirira ntchito. Njerwa zilipo, zinatsala pa khitchini. Khasu ndi piki zili m'nkhokwe. Mawa kusanatenthe uyambe dzenje lako lozungulira lija, kumtunda uko, kutali ndi chitsime. Likakhala bwino, ndikaitana a komiti adzaone, ndipo amayi amasiye a m'mudzi muno ndikuwadziwa asanu amene alibe wowakumbira. Amenewo nkhuku ali nazo.

Mdzukulu: Agogo, ine ndili ndi digiri.

Agogo: Ubwere nayo. Ukatopa uzidzikupizira nayo mphepo, kuno kumatentha. Tsopano dzuka, kachotse chivundikiro pakhola ukabwezere kuchimbudzi, usandichititse manyazi.

Mdzukulu: Nanga vungo?

Agogo: Amuna anga abwera, ndiopenso vungo? Mugona pakhomo pa khola. Mphasa ndi yomweyi.